Mungadziwe bwanji ngati chithunzi cha ku Japan chinadindidwa ndi manja?

Mayi wina watilembera kuti anagula pamsika chithunzi cha ku Japan cha mkazi wovala yukata, chovala chathonje cha nyengo yotentha. Akufuna kudziwa ngati n'chodinda ndi manja kapena ndi makina, komanso kasungidwe kake.

Amayi, yambani mwachitembenuza. Zithunzi zoterezi, zotchedwa bijin-ga, ankazidinda papepala la washi, lopangidwa ndi makungwa a mtengo wa kozo. Wodinda ankapaka pathabwa losema utoto wamadzi ndi kaphala ka mpunga, n'kuyalapo pepala lachinyezi, kenaka n'kulitikita kumbuyo ndi baren, kachipangizo kozungulira kokutidwa ndi khoko la nsungwi. N'chifukwa chake utoto umalowerera mpaka kuseri, ndipo pamatsala mikwingwirima. Cha makina kuseri chimakhala mbee, ndipo pagalasi lokuza muona timadontho.

Kenaka yang'anani nsalu imene mkazi wa pachithunzipo wavala, chifukwa luso lili pamenepo. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lake, ndipo pepala linkakhazikika pa timipata tiwiri totchedwa kento. Kuti mkono uziwonekera mkati mwa nsalu yopyapyala, ankadinda mkonowo, n'kuyikapo utoto wosungunula kwambiri kapena timizere tating'onoting'ono. Pepala likangosuntha pang'ono, utoto umadumpha mzere. Kitagawa Utamaro, wojambula wotchuka wa ku Japan, anali katswiri pa zimenezi, ngakhale pojambula akazi ali mkati mwa neti ya udzudzu. Nthawi zina maluwa a pansalu yoyera ankawadinda opanda utoto. Walitsani tochi chammbali, muona atatumphuka.

Koma chodinda ndi manja sindiye kuti n'chakale. Ku Tokyo, a kampani yodinda zithunzi ya Adachi amasemabe matabwa atsopano a zithunzi zakale mpaka lero. Utamaro anamwalira mu 1806, pamene buluu wowala wa Prussian anafala cha m'ma 1830. Buluu wa nthawi ya Utamaro, wochokera ku duwa la tsuyukusa, amasuluka n'kukhala wotuwa. Chithunzi cha dzina lake chokhala ndi buluu wowala, ine ndimachikayikira. Yezaninso: kukula kofala, oban, ndi pafupifupi masentimita 39 kwa 26.

Posunga, musachipachike padzuwa kapena pakhoma lachinyontho, chisakhudze galasi, ndipo katoni yakumbuyo ikhale yopanda asidi. Selotepi ayi, imasiya banga lachikasu. Kuchikuta ndi pulasitiki yamoto ndiye kuchiwonongeratu. Chikachita nkhungu musachipukute ndi madzi, utoto umayenderera. Pitani nacho kwa wokonza mapepala akale.