Ku Lismore pitani ndi amayiwo, koma ulendo mukonze nokha

Asisi, mwafunsa ngati mungapite ndi amayi anu ku Lismore, chilumba chaching'ono chakumadzulo kwa Scotland. Pitani nawo ndithu amayi anuwo, kamyuziyamu ka anthu olankhula Gaelic, chilankhulo chakale cha kumeneko, sikangakukhumudwitseni. Koma chonde chonde, ndalama zanu musapereke kwa abambo aja amatenga anthu pa minibasi kuchokera ku Glasgow. Dzina sinditchula. Ngati ali mugulu muno awerenge okha, adzizindikira.

Ife anatinamiza dzuwa likuswa mtengo. Akuti mukangotsika boti, myuziyamu ndi pomwepo, amayi sayenda n'komwe. Ine ndinawafunsa mobwerezabwereza chifukwa amayi anga ali ndi shuga, bondo lakumanja linawakana kalekale, ndipo ku Scotland kuno anangobwera kudzaona zidzukulu. Iwo amvekere musadandaule madamu, ine malo amenewo ndimawadziwa. Kuwadziwa kwake kuti? Anatitengera ku Port Appin, komwe kuli kaboti kakang'ono kongonyamula anthu ndi njinga, kowoloka mphindi 10 zokha. Iwo eni ake osakwera, akuti ndikhale ndikuyang'anira galimoto. Kabotiko kamakutsitsani ku Point, kunsonga kwenikweni kwa chilumba chakumpoto. Myuziyamu ili chapakati, makilomita opitirira 5 kuchokera pamenepo. Msewu ndi umodzi, wopapatiza, wokwera ndi kutsika, ndipo basi sitinaione ngakhale imodzi.

Tinauyamba wapansi poganiza kuti mwina ndi kuseri kwa kaphiri koyambako. Mvula inayamba, ija yakuno yobwera cham'mbali ndi mphepo. Ambulera inatembenuka nthawi yomweyo. Achinyamata amene tinali nawo anatsogola, ife tinatsala awiriwiri. Amayi anavala nsapato zawo za ku tchalitchi, poti anauzidwa kuti sayenda, chitenje chili chonyowa chakakamira m'miyendo. Titayenda pafupifupi ola anangoima, n'kugwira mpanda wamiyala wa m'mbali mwa msewu, n'kukhala pansi pamatope pomwepo. Manja akunjenjemera, milomo yatuwa, thukuta lili kamukamu pamphumi pamene kukuzizira chonchija. Amene mumasamala munthu wa shuga mukudziwa kuti zikatero ndiye kuti yatsika. Chakudya chonse tinachisiya mu minibasi chifukwa abambo omwewo anati musadzilemetse, kumeneko kuli kafe. M'thumba mwanga munali siwiti imodzi ya mwana, ndinaisenda ndi mano chifukwa zala zinali zitauma. Ndikuimba foni, netiweki ikubwera n'kuchoka. Itagwira, foni ya abambo aja inangoitana mpaka kudula. Kuimbanso, chimodzimodzi. Amayi akundiuza kuti mwanawe usalire, ndipume pang'ono chabe, koma mawu akutuluka mokoka. Kumanzere nkhosa, kumanja nkhosa, nyumba yapafupi ili patali poti sindikanawasiya okha. Ine ndinagwada pamsewu paja ndikuwatikita manja, mumtima ndikuganiza kuti achimwene anga ku Chiradzulu ndikawauza chiyani, kuti ndinawaitanitsa amayi kudzafera m'mbali mwa msewu pachilumba chimene dzina lake sangathe n'kulitchula komwe?

Anatipulumutsa ndi mayi wina wa pachilumbapo amene amadutsa pa galimoto ya kumunda, kumbuyo kuli galu. Sanafunse zambiri. Anavula jekete yake, kuwafunditsa amayi, kuwakweza kutsogolo, mpaka pakhomo pa myuziyamu. A mukafe anabweretsa tiyi wa shuga wambiri ndi supu tisanaitanitse n'komwe. Ndiye tangoganizani, amayi angoyamba kumene kubwerera mwakale, foni ikulira. Abambo aja. Osafunsa kuti muli bwanji, ayi, akuti muli kuti, ine 4 koloko ndikunyamuka, wochedwa awonjezera ya wetingi. Munthu wamkulu, wa ana ake, amene Lamulungu amaima kutsogolo n'kumatsogolera nyimbo. Mpaka lero sanapepese, ndipo nditawauza zimene zinachitika anati amayi anu akanayenera kunena kuti ndi odwala. Ndinanena! Mauthenga ake ndikadali nawo pa WhatsApp.

Koma malowo, asisi, ndi abwino zedi. Dzina lake ndi Ionad Naomh Moluag, nyumba yofoleredwa ndi udzu womera, wamoyo, inatsegulidwa mu 2007, ndipo oyendetsa ndi eni chilumba okha kudzera m'bungwe lawo la mbiri yakale, Comann Eachdraidh Lios Mòr. Ndi pang'ono, musayembekezere za ku Edinburgh. Muli chipinda cha zinthu zakale, kalaibulale, kafe ndi kashopu. Moluag amene anatchulira malowo ndi mmonke wochokera ku Ireland, anafika pachilumbachi m'zaka za m'ma 560 n'kumwalira mu 592. Mumva za mauvuni ootchera laimu, poti chilumba chonsecho ndi mwala wa laimu, n'chifukwa chake msipu wake ndi wobiriwira chonchija.

Chimene chinawagwira mtima amayi ndi kanyumba kali pambali, Taigh Iain Dhòmhnallaich, kamene anakamanganso n'kukatsegula mu 2002 kuti anthu aone mmene ankakhalira munthu wopanda malo akeake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Makoma amiyala, denga lofolera, pamoto, zipinda zochepetsetsa. Munthu yemwe uja amafuna kukomoka pamsewu anaima m'menemo osafuna kutuluka, akuloza ichi ndi icho, akuti kodi azungunso ankakhala chonchi? Pachilumbachi pankakhala anthu opitirira 1,000 m'zaka za m'ma 1800. Eni malo ena anaona kuti nkhosa zikupindulitsa kuposa anthu olipira lendi, anthu anachotsedwa m'midzi yawo, ena anapita ku Glasgow, ena kutsidya kwa nyanja. Kalembera wa 2011 anapeza anthu osakwana 200. Chilankhulo chawo cha Gaelic nachonso chinapita ndi anthuwo, ndipo lamulo la maphunziro la 1872 silinachipatse malo m'sukulu za ku Scotland. Amayi ndi Mlomwe amene Chilomwe amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chichewa, ndiye zimenezi sindinachite kuwamasulira kawiri.

Tsono pali nkhani ina imene Mmalawi aliyense ayenera kuidziwa asanakwere boti. Mzungu uja anadulidwa mutu ku Magomero usiku wa pa 23 January 1915, pa kuukira kwa John Chilembwe, William Jervis Livingstone, kwawo kunali konkuno ku Lismore. Ndi amene ankayang'anira minda ya A. L. Bruce Estates, uja makolo athu ankamutcha Listonia, wa thangata, wokwapula antchito, wotentha matchalitchi a Chilembwe amene anamangidwa m'mindamo. Ambiri mwa ogwira ntchito kumeneko anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Amayi anakula akumva dzina limeneli kwa agogo awo. Nditawauza kuti munthuyo anabadwira pachilumba chomwe taimapochi, anakhala duu, kenako anati, ndiye iyeyu umphawi wa anthu opanda malo anauona ndi maso ake kwawo, n'kukachitanso zomwezo kwa ife? Ine funso limenelo limandipwetekabe. Tinacheza ndi bambo wina wachikulire wothandiza pamalopo, tinamuuza kuti ndife a ku Chiradzulu, kufupi ndi ku Mbombwe. Sanazembe nkhaniyo ndipo sanaikometse. Anakoka mpando, n'kuwamvetsera amayi mpaka kumaliza, ine ndikumasulira. Tikanakhala ndi nthawi tikanacheza mpaka madzulo, koma foni ya wetingi ija inali ikungolira m'thumba.

Ndiye mverani. Kwerani sitima ya pamtunda ku Glasgow Queen Street mpaka ku Oban, ndi maola atatu ndi mphindi zochepa. Ku Oban kuli sitima ya pamadzi ya kampani ya CalMac yopita ku Achnacroish, doko lina la pachilumbacho, pafupifupi ola limodzi, ndipo imanyamula magalimoto ochepa, choncho ngati muli ndi galimoto sungitsani malo msanga. Kuchokera ku Achnacroish myuziyamu ili pafupiko kusiyana ndi ku Point, komabe pali chitunda, munthu wa bondo asachiyese. Aimbireni a pamyuziyamu pasadakhale, muwafunse masiku ndi maola amene amatsegula chifukwa nyengo yozizira zimasintha, muwafunsenso za mayendedwe a munthu wachikulire. Anthu ake ndi omasuka, akuuzani zoona. Chakudya chikhale m'chikwama chanu, osati m'galimoto ya munthu, ngakhale kuti supu ya pakafepo ndi yabwino moti mukadye pomwepo basi. Nsapato zotseka, jekete ya mvula, ngakhale kutacha bwino bwanji.

Zamagulu ndinasiya, ndipo inunso ndikuti pitani panokha ndi amayi anu. Komabe musapite awiriwiri, tengani anthu ena awiri kapena atatu amphamvu, kuti china chikachitika wina athamange wina atsale. Kaboti ka ku Port Appin kaja nako musakataye, kuwoloka kwake ndi kokongola kwambiri, amayi mpaka pano amakakambabe. Ngati mungathe gonani ku Oban, musapange zobwerera tsiku lomwelo.

Chinanso, mumva za ndodo ya Moluag, Bachuil Mòr, imene yasungidwa zaka mazanamazana. Imasungidwa ndi banja la a Livingstone a ku Bachuil, banja lomwe anachokera William Jervis uja. Kumeneko ndi pakhomo pa anthu, musakangofika n'kugogoda. Mukafuna kuiona, yambani mwafunsa pamyuziyamu.