Funsani Malume: Masiku awiri mu Dar, ndikaone chiyani?

Malume, ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato pa Taifa Market kuno ku Mzuzu ndipo chino ndi chaka chachinayi ndikupita ku Dar es Salaam kokaoda katundu. Koma kunena zoona tauni imeneyi sindiidziwa, ndimangodziwa Kariakoo, komwe ndimaoda katundu, ndi kagesiti komwe ndimagona basi. Ulendo ukubwerawu katundu wanga adzapakira Lolemba, ndiye Loweruka ndi Lamlungu ndidzangokhala. Anzanga akuti tiwolokere ku Zanzibar koma m'thumba simuli bwino, komanso ndimaopa kusochera poti Chiswahili changa chimathera pa "bei gani", kufunsa mtengo. Ndikaone chiyani?

Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Mayi, zikomo kwambiri, funso lanuli landikhudza chifukwa alipo ambiri amene amadutsa pa Songwe mwezi ndi mwezi koma nyanja yamchere sanaikhudzepo ngakhale ndi chala. Za Zanzibar zisiyeni kaye. Boti lake ndi maola ngati awiri kupita kokha, mlendo amamutchaja mtengo wokwera kuposa wa eni dziko, ndiye mungathere mpamba pa ulendo wongothamanga. Dar yomweyo ikukwanirani.

Loweruka dzukani m'mamawa dzuwa lisanakwiye, paja kutentha kwa kumeneko sikufanana ndi kachisanu kathu ka ku Mzuzu. Kwerani basi ya buluu ija amati mwendokasi yopita ku Kivukoni, ili ndi msewu wakewake ndiye siimaima pa jamu ngati daladala, maminibasi akumeneko. Ku Kivukoni kuli msika wa nsomba, asodzi amafika kukamacha n'kuyamba kugulitsa mokuwa, ndipo mudzaona nsomba zoti inu ozolowera usipa ndi batala wa ku Nkhata Bay mudzagwira pakamwa, zina zazitali ngati munthu, nkhanu, ndi pweza wa miyendo eyiti uja. Pambali pomwepo amakazinga, gulani mudye. Chenjezo limodzi, nyumba ya boma imene amati Ikulu ili pafupi kwambiri, foni isaloze kumeneko.

Mukakhuta kwerani pantoni yowolokera ku Kigamboni. Ndi mphindi zochepa chabe, mtengo wake ndi wa tindalama tachitsulo, koma muli pakati pamadzipo mudzaona tauni yonse ndi zisitima zikuluzikulu zikulowa padoko, zina mwa izo zitanyamula makontena ndi magalimoto omwe amadzakwera mtunda wa Chiweta kubwera kwathu kuno.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mukabwerera, yendani mpaka pa raundabauti ya mu Samora Avenue pomwe pali chipilala cha msilikali wa mkuwa atagwira mfuti, amati Askari Monument, anachiimika mu 1927. Anthu amangochidutsa. Inu imani, muyang'ane zithunzi zosema zili m'mbali mwake, mudzaona anthu atasenza katundu. Amenewo ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ambirimbiri anatengedwa kuno ku Nyasaland, ena mokakamizidwa, n'kumayenda pansi mitunda yosaneneka ndi mabokosi a zipolopolo ndi ufa pamutu, ambiri osabwerera. Nkhondo yomweyo inafika mpaka pa Karonga mu September 1914, pomwe basi yanu imadutsa paja. Ndipo dzina loti Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatengawo, chifukwa msasa wawo unali pomwe mumaodapo zitenjepo. Ine tsiku limene ndinamva zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, moti mpaka lero ndikamaona amayi athu akutuluka mu Kariakoo ndi zimabelo pamutu mtima umachita china chake.

Kuchoka pamenepo National Museum ili pafupi, mu Shaaban Robert Street. Muli za mafupa a anthu akalekale omwe anafukulidwa ku Olduvai, za malonda a akapolo, ndi magalimoto akale a nthawi ya Nyerere. Ola limodzi ndi theka likukwanani.

Lamlungu musadzipanikize. Ngati mumapemphera, St Joseph's Cathedral ya Akatolika ndi Azania Front ya Lutheran zonse zili moyang'ana doko, zomangidwa nthawi ya Ajeremani, ndipo ngakhale ulaliki musaumve wonse kwaya yokha idzakufikani pamtima. Kungoti samalani ndi nthawi, akati "saa moja asubuhi" ndiye 7 koloko, osati 1 koloko, paja iwo amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka. Masana pitani ku Makumbusho mukaone nyumba za mitundu yosiyanasiyana ya ku Tanzania, funsani ya Anyakyusa, abale awo a Ankhonde athu aku Karonga. Dzuwa likapepa, Coco Beach. Lamlungu kumadzaza mabanja, chinangwa chokazinga chothira tsabola, nyama yootcha pakamtengo yomwe amati mishikaki, madzi a kokonati. Vulani nsapato muponde m'madzi, mulaweko pang'ono kuti mukawauze ana kuti ndi amcheredi. Kusambira kutali ayi, nyanja imeneyi imaphwa n'kudzazanso tsiku lomwelo, si ngati yathu.

Zosochera musade nazo nkhawa. Tengani kakhadi ka gesiti yanu kapena lembani dzina la msewu papepala, mukasokonezeka mumuonetse wa bajaji ndipo mugwirizane mtengo musanakwere. Galimoto yoti munthu wangokuitanani kuti ndi takisi musakwere, ngakhale akhale waulemu chotani. Ndalama za katundu zisayende nanu, tengani zodyera ndi zoyendera zokha, foni muziitulutsa mutatalikira msewu chifukwa a njinga zamoto ena amatsomphola. Mmodzi mwa anzanu a Zanzibar aja mumunyengerere kuti muyende awiri, ndipo mukafika ku Mzuzu mudzandilembere kuti pweza uja munamulawa kapena munangomuyang'ana.

Malume