Mwana wapalasa njinga makilomita 10 m'mphindi 18: ndi liwiro labwino?

Bambo wina wanditumizira imelo. Mnyamata wawo wa zaka 14 wapalasa njinga makilomita 10 m'mphindi 18 pa time trial, mpikisano umene aliyense amanyamuka payekha n'kulimbana ndi wotchi. Akufunsa ngati pali tsogolo apa.

Bambo, mphindi 18 zikutanthauza liwiro la makilomita 33.3 pa ola. Pa njinga wamba ya mpikisano, wopanda munthu kutsogolo womutchingira mphepo, mwana wa msinkhu umenewu wachita bwino. Koma nambalayi payokha imanena zochepa, ndipo zimandiwawa kuona makolo akuweruza mwana ndi nambala imodzi.

Tiyambe ndi mphepo. Pamsewu wosakwera, njinga ikadutsa makilomita 30 pa ola, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera pokankha mpweya. Kuchoka pa 33 kufika pa 35 kumafuna mphamvu zoonjezera pafupifupi magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse. Ndipo mphepo sibweza zimene yalanda. Mwana akapita makilomita 5 moyang'anizana nayo pa liwiro la 28, n'kubwerera ikumukankha pa 38, amathera mphindi 18 ndi masekondi 37. Tsiku labata, pa 33 njira yonse, akanathera 18:11. Masekondi 26 apita, miyendo ili yomweyo. Ngati anapalasa m'nyengo ya mwera, musayerekeze nthawiyo ndi ya tsiku lopanda mphepo.

Kakhalidwe pa njinga nakonso. Mu 1989 Greg LeMond analowa tsiku lomaliza la Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, ali kumbuyo kwa wopikisana naye Laurent Fignon ndi masekondi 50. Pa time trial ya makilomita 24.5 ochokera ku Versailles kupita ku Paris anagoneka mikono pa mahandulo otulukira kutsogolo, mutu pansi, n'kupambana mpikisano wonse ndi masekondi 8. Izi sizikutanthauza kuti mugule zodula. Malaya akupiza ngati mbendera, zigongono zili kunja, mutu ukungotembenuka, matayala ali ndi mpweya wochepa, tcheni chouma: zonsezi zimadya masekondi ndipo kukonza kwake n'kwaulere kapena kotchipa. Kugulira mwana wa zaka 14 mawilo odula a carbon ndimakana kwamtuwagalu. Chaka chamawa atalika, njingayo imuchepera.

Ndipo kukula kumeneku ndiko kumasokoneza zonse. Pa ana awiri a zaka 14, wina watha kale msinkhu, mawu asintha, minofu yabwera. Mnzake akadali kamwana. Wopambana lero kawirikawiri amakhala amene wakhwima msanga, osati waluso kwambiri. Katswiri wa njinga Remco Evenepoel, amene anapitirira katswiri mnzake Tadej Pogačar pamsewu pa time trial ya dziko lonse lapansi ku Kigali mu 2025, ali ndi zaka 14 ankasewera mpira wamiyendo. Anasamukira ku njinga mu 2017.

Zoyenera kuyang'ana

Funsani nthawi ya theka loyamba ndi lachiwiri. Pamenepo ndi pamene pali nkhani. Ngati kunalibe mphepo kapena chitunda, koma anapita 8:30 n'kubwera 9:30, ananyamuka mwaphuma. Ana ambiri amatero: mantha ndi chisangalalo zimabisa ululu, kugunda kwa mtima kumatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kukwere, ndiye pofika kilomita yachitatu miyendo yauma. Makilomita awiri oyamba azimva ngati akudzisunga. Nthawi ziwirizo zikasiyana ndi masekondi osaposa 15, mwanayo akudziwa kugawa mphamvu, ndipo ndimalemekeza zimenezo kuposa liwiro. Achite khama pokwera ndi polimbana ndi mphepo, apumireko pang'ono potsetsereka.

Muonenso mapedulo. Azizungulira ka 85 mpaka 95 pa mphindi. Werengani bondo limodzi kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Akatsika pansi pa 75, giya yalemera, ndipo mawondo amene akukula sakonda zimenezo. Chiuno chikamagwedezeka uku ndi uku, chishalo chakwera kwambiri.

Tsono abwereze pamsewu womwewo, m'mawa magalimoto asanachuluke, njinga yomweyo, atavala chisoti, atatenthetsa thupi kwa mphindi 20. Achite kamodzi pa masabata 6, osati mlungu uliwonse. Lembani nthawi, mphepo ndi kutalika kwa mwanayo m'kope. Mukakhala ndi nthawi zinayi kapena zisanu, munditumizirenso.