Loya akalowa ndale, gauni amalipezanso?

Achimwene ena andilembera imelo. Angoyamba kumene uloya, a chipani akuwanyengerera kuti akaime pa chisankho, ndiye akufunsa ngati ntchito adzaipezanso zikadzavuta. Achimwene, funso lanulo landigwira pamtima, chifukwa ine ndinakhalapo kalaliki mu ofesi ya loya wina amene anayenda njira yomweyo.

Bwana wangayo anali katswiri pa milandu ya malo. Ndale zitamukoka, mafayilo anayamba kuchita fumbi. Amayi ena amasiye ankabwera Lolemba lililonse, matola alipira ndi ndalama ya mandasi, ine n'kumawauza kuti abwana ali kumsonkhano. Atagwa pa chisankho anamupepesa ndi mpando ku ofesi ya kazembe kunja. Anakwera ndege, ine ndinatsala ndi makiyi, ngongole ya lendi ndi amayi aja. Mpaka lero ndikamva mawu oti "kutumikira dziko" m'mimba mumatentha.

Koma tisiye za ine. Mumamudziwa Mainza Chona wa ku Zambia? Anabadwa mu 1930 kufupi ndi Monze, anaphunzira zamalamulo ku Gray's Inn ku London, n'kumaliza mu 1958. Mu 1959, Kenneth Kaunda ali m'ndende, Chona ndiye anatsogolera chipani cha UNIP, ndipo Kaunda atatuluka mu 1960 anamusiyira mpando. N'chimodzimodzi Orton Chirwa kuno kwathu: anayambitsa MCP mu 1959 Kamuzu ali m'ndende ku Gweru, n'kumupatsa chipanicho atatuluka. Malipiro a Orton tonse tikuwadziwa, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chona anali wokhulupirika kwa Kaunda, ndipo anakwera: wachiwiri kwa pulezidenti mu 1970, nduna yaikulu kawiri, mu 1973 ndi mu 1977. Ine chimene chimandiwawa ndi cha 1972. Anamuika kutsogolera komiti yokonza malamulo a chipani chimodzi. Komitiyo sinafunsidwe ngati anthu akuchifuna chipani chimodzicho, inangouzidwa kupeza kayendetsedwe kake. Uloya wake unaonekabe, poti lipotilo linati pulezidenti akhale ndi malire a zaka zolamulira, komanso pampandopo pazipikisana anthu angapo. Boma linakana zimenezo. Nanga Chona anatani? Analandira unduna waukulu pansi pa malamulo omwewo. Ena amati kumeneko n'kudzichepetsa. Ine ndikuti ayi, chipani chimafuna dzina la loya ndi siginecha yake, malangizo akewo chimawasiya m'kabati.

Za ukazembe

Mu 1984 Chona anamutumiza kukakhala kazembe ku Beijing, kenako ku Paris. Ndimakhulupirira kuti ukazembe wopatsidwa kwa wandale nthawi zambiri ndi njira yaulemu yomuchotsera pabwalo. Amene anaphunzira ntchitoyo ku unduna wa zakunja amangoona alendo akuwadumpha pamzere. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ingandipsetse mtima. Chona anamwalira mu 2001 ku Johannesburg.

Tsono yankho lanu, achimwene. Gauni mudzalipeza, Chona yemwe anabwererako kukhoti pakati pa maudindo akewo. Koma yambani mwapanga dzina kukhoti zaka zingapo, laisensi yanu muziikonzanso chaka ndi chaka, ndipo musanavale nsalu ya chipani, mafayilo a anthu muwapereke kwa loya mnzanu, eni ake akudziwa.