Kwa aphunzitsi a ku Ntcheu: za chikwama chonyamuliramo tuba

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu la dzulo, lakuti bandi ya achinyamata a kumpingo kwanu yalandira tuba, lipenga lalikulu la mkuwa la mawu a besi, kuchokera kwa abwenzi akunja, koma yafika yopanda chosungiramo, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'koyenera kuitanitsa chikwama chofewa, kugula bokosi lolimba, kapena kungopita nayo kwa telala kuti akaisokere chake. Mwanenanso kuti maulendo anu ambiri amakhala a pa minibasi ndi pa kabaza pakati pa Ntcheu boma, Mlangeni ndi Lizulu, ndipo nthawi zina mumakwera lole imodzi ndi akwaya. Ine ndakhala ndikuimba besi kuno ku Dedza kwa zaka zingapo, choncho ndiloleni ndikuyankheni motalikirako pang'ono.

Maganizo anga ndi akuti mupeze chikwama cha kumsana chokhala ndi zotetezera zochindikala, chimene chayezedwa pa tuba yanuyo, koma mudziwiretu kuti chikwama choterecho chimateteza lipenga pokhapokha lili pamsana kapena pamiyendo pa munthu. Chikangochoka m'manja mwa mwini wake n'kukhala katundu wamba, ntchito yake yathera pomwepo. Mkuwa wa tuba ndi wopyapyala kwambiri, sukwana ndi milimita imodzi yomwe, ndipo malo otambalala ngati kukamwa kwake, kumene oimba timati belo, amakwinyika ndi kulemera kochepa chabe. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Tsiku lina ndikuchokera kumaliro cha kwa Njolomole ndinalola kondakitala kuti aike tuba yanga kumbuyo kwa minibasi, popeza anali atandilonjeza kuti pamwamba pake sipakhala chilichonse. Titafika pa Lizulu anakweza thumba la mbatatesi ndi madengu a kabichi, n'kukankha chitseko ndi phewa kuti chitsekeke. Potsika pa Dedza chikwama chinali bwinobwino, chosang'ambika paliponse, koma nditatsegula ndinapeza belo itapindikira m'kati ngati chipewa chokhaliridwa, ndipo vavu yachiwiri (mavavu ndi mabatani amene woimba amadina posintha mawu) inali itakana kutsika. Belo yokwinyika imalirabe, koma chitsulo chimene vavu imayendamo chikapotoka ngakhale pang'ono, lipenga lonse limakhala chete, ndipo amisiri odziwa kuwongola zoterezi ndi osowa kwambiri kwathu kuno. Kuyambira tsiku limenelo ndimalipira mipando iwiri, wanga ndi wa tuba, ndipo anthu akamaseka m'minibasi ndimangoseka nawo.

Musanalankhule ndi wogulitsa aliyense, tengani tepi muiyeze. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama, chifukwa amaganiza kuti tuba iliyonse ndi yofanana ndi inzake. Mabandi a malipenga otsatira kaimbidwe ka ku Britain, monga a Salvation Army, amagwiritsa ntchito mitundu iwiri, ya E flat ndi ya B flat yaikulu. Paipi ya ya E flat itati iwongoledwe ingatalike pafupifupi mamita 4, pamene ya B flat imafika mamita 5.5, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera pa msinkhu ndi kulemera komwe, moti ya B flat yaikulu imapyola makilogalamu 10. Ngakhale za mtundu umodzi zimasiyananso: pali ma tuba akale a E flat a kampani ya Besson okhala ndi belo ya mainchi 15, omwe ndi masentimita 38, pamene ena a masiku ano otchedwa Sovereign ali ndi belo ya mainchi 19, omwe ndi masentimita 48. Chikwama cha imodzi sichingakwane inzake. Ogulitsa amalembanso zizindikiro monga 3/4, 4/4 ndi 5/4 posonyeza kukula, koma zimenezi musazidalire, chifukwa kampani iliyonse imaziwerengera mwa njira yake. Chofunika ndi miyezo itatu: kutalika kuchokera pa chigongono cha pansi, pamene paipi yaikulu yakhotera, kufika m'mphepete mwa belo, kutambalala kwa belo kudutsa pakati penipeni, ndiponso kunenepa kwa thupi pamalo pamene mapaipi atulukira kwambiri. Muonenso ngati ili ndi vavu yachinayi yotulukira m'mbali, imene imadinidwa ndi dzanja lamanzere, popeza imeneyi imafuna malo akeake. Ogulitsa ambiri a pa intaneti amalemba m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Pafupi ndi belo pamakhala dzina la kampani, ndipo nambala imapezeka pa belo pomwepo kapena pafupi ndi mavavu. Muzijambule zonsezi, chifukwa makampani ena amasoka zikwama potsata mtundu weniweni wa lipengalo. Ngati chimene mwalandiracho ndi chija chozungulira thupi la woimba, belo yake n'kuyang'ana kutsogolo, ndiye kuti ndi sousaphone, ndipo chikwama chake n'china ndithu.

Chikwama chiyenera kuigwira tuba mothina pang'ono. Chachikulu kwambiri n'choopsa ngati chaching'ono chomwe, chifukwa lipenga limagwedera m'kati, ndipo pa msewu wa mabampu limadzimenya lokha.

Zikwama zimenezi zilipo za mitundu iwiri. China chimatsegukira pamwamba ngati thumba, ndipo tuba imalowa chigongono kuyamba, belo n'kutsalira pamwamba pomwe pamabwera chivundikiro. China chimatsegukira m'mbali ndi zipi yaitali, ndipo tuba imagonekedwamo ngati mwana. Ine ndimakonda choyambacho chifukwa cha fumbi lathu. Zipi yaitali ikadya fumbi la mwezi wa October imayamba kuyasama pakati, ndipo ikayasama lipenga lili kumsana, mudzangomva kugwa kwake kumbuyo kwanu. Komabe chotsegukira pamwamba chili ndi vuto lake, lakuti munthu wosazolowera amakoletsa mabatani a mavavu ndi timapaipi tosolola m'mphepete pamene akulowetsa kapena kutulutsa. Popeza oimba anu ndi achinyamata ndipo lipengalo lizisinthana manja, sindingakutsutseni mutasankha chotsegukira m'mbali, bola zipi yake ikhale yamano akuluakulu, monga za kampani ya YKK, ndipo pakhale malamba awiri kapena atatu odutsa pamwamba pa zipiyo kuti isanyamule yokha kulemera konse. M'kati mwa zipi mukhalenso kansalu kotchinga kuti mano ake asakande mkuwa. Kupaka kandulo pa mano a zipi kamodzikamodzi kumaithandiza kuyenda bwino.

Tsopano za zotetezera za m'kati, zomwe ndi mtima wa nkhani yonse. Siponji ya matiresi siyenera ntchito imeneyi. Mukaitsina pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, zala zimakumana, kusonyeza kuti ngodya ya benchi kapena chitsulo cha mpando wa minibasi chidzafikanso pa mkuwa mosavuta. Komanso imamwa madzi n'kuwasunga. Yofunika ndi siponji yolimba yosamwa madzi, yofanana ndi imene amapangira mapatapata kapena timphasa tochitirapo masewera olimbitsa thupi, yochindikala masentimita awiri kapena kuposerapo, ndipo yofewayo ibwere pambuyo pake, mbali ya lipenga. Malo atatu ayenera kulimbitsidwa mwapadera. Kumbali ya belo kukhale chimbale cholimba chozungulira, chotambalala kuposa beloyo pang'ono, kuti chikagunda khoma kapena mphuthu ya chitseko, chimbalecho ndicho chilandire nkhonya. Pansi, pamene pamakhala chigongono, pakhale pochindikala kawiri, chifukwa aliyense wotopa amatula katundu mwamphamvu. Malo achitatu ndi mbali ya mavavu ndi kapaipi kopita kukamwa kwa woimba, ndipo ndi amene ndingawaunike kuposa ena onse.

Nsalu yakunja ikhale nayiloni yolimba, monga imene amaitcha Cordura. Zikwama zachikopa n'zokongola ndipo zimakhalitsa, koma n'zodula, n'zolemera, ndipo kuno kumapiri zimachita chuku. Inu mukudziwa mmene nkhungu imakutira Dedza, Bembeke ndi Tsangano m'miyezi ya June ndi July, ndi mmene makoma a m'chipinda chosungiramo katundu wa tchalitchi amachitira thukuta nthawi ya dzinja. Kuzizira komweku kumachititsanso kuti mpweya wa woimba usanduke madzi ambiri m'mapaipi, choncho aphunzitseni anawo kutaya madzi onse ndi kupukuta lipenga asanalibwezere, ndipo akafika kunyumba azisiya chikwama chotsegula kuti chipite mphepo. Palibe chikwama cha nsalu chimene chingapirire mvula ya mu January kwa nthawi yaitali, chifukwa madzi amalowera m'misoko ndi m'zipi, motero m'thumba mwake muzikhala pepala lalikulu la pulasitiki lovindikira nacho.

Malamba ndi amene amayamba kutha, ndipo akamatha sachenjeza. Muyang'ane pamene asokedwera: ulusi udutse kangapo mopingasa pa chigamba cholimba, ndipo ngowe zikhale zachitsulo, chifukwa zapulasitiki zimauma ndi dzuwa n'kuthyoka. Malamba a m'mapewa akhale otambalala ndi ofewa, ndipo lamba wina womanga m'chiuno amathandiza kwambiri mwana amene akuyenda mtunda wautali. Muonenso msinkhu umene chikwamacho chimafika chikabelekedwa. Tuba imabelekedwa belo ili m'mwamba, ndipo imapitirira mutu wa wonyamula, amene saiona. Zitseko zathu za kumudzi n'zazifupi, nthambi za mango nazo n'zotsika. Pa kabaza wa njinga yamoto mphepo imachikankha ngati tanga la ngalawa, choncho wonyamulayo achibeleke mothina ndipo woyendetsa auzidwe kuti achepetse liwiro. Kuchimanga pa kaliyala ndi malegeni musalole n'komwe, chifukwa malegeni amafinya mapaipi kudzera m'nsalu momwemo. Ngati tuba yanu ndi yokutidwa ndi siliva, mphira ndi nsalu za ubweya wa nkhosa zisaikhudze, popeza zimadetsa siliva. M'kati muikemo nsalu yofewa ya thonje.

Matayala a pa chikwama musawalabadire. Amathandiza pa bwalo la ndege, koma pa njira ya miyala amangogwedeza lipenga ndi kuwonjezera kulemera.

Kachitsulo kapakamwa, kamene timati mouthpiece, kazikhala m'kathumba kakekake kunja. Ndi kolemera, ndipo kakasiyidwa komasuka m'kati kamagogoda mkuwa ulendo wonse. Kakasiyidwanso pamalo pake n'kugundidwa, kamakanirira, ndipo ana amathamangira pulayala n'kupotokola paipi yonse. Chitsulo choikapo mapepala a nyimbo chinyamulidwe padera.

Pa funso lakuti mugule kapena musoketse, zonse n'zotheka. Makampani odziwika ndi zikwama zimenezi ndi monga Protec, Gard, Altieri ndi Cronkhite, ndipo za Gard zili ndi timapilo togwira lipenga kuti lisakhudze makoma a chikwama, zomwe ndi nzeru yabwino. Ambiri amaitanitsa kudzera mwa achibale a ku Johannesburg n'kuzikweza pa mabasi odzera ku Tete. Powerengera mtengo musaiwale ndalama yonyamulira, chifukwa chikwamachi n'chopepuka koma chimadya malo, komanso msonkho wa MRA pachipata. Ndipo chikafika chosakwana, kuchibweza n'kovuta, n'chifukwa chake ndalimbikira za kuyeza. Ngati thumba la mpingo silingakwanitse, musapite kwa telala wa zovala, koma kwa mmisiri wosoka mipando ya galimoto kapena matenti, amene ali ndi makina obowola nsalu yochindikala ndi ulusi wa nayiloni. Mupite nayo tubayo, ajambule maonekedwe ake pa katoni, ndipo ayambe wasoka chongoyesera ndi nsalu yotsika mtengo. Chimbale cha ku belo angakudulireni kalipentala pa pulayiwudi yopyapyala, n'kuikuta ndi siponji mbali zonse. Malamba abwino mungawachotse pa chikwama chakale cha anthu okwera mapiri, chomwe chimapezeka pa kaunjika. Ine chimene ndikugwiritsa ntchito panopa chinasokedwa motero. Sichooneka bwino, koma chandisungira lipenga.

Zatsala za lole. Pa maulendo amenewo, makamaka otsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi ku Mua, pamene anthu, ng'oma, mabenchi ndi miphika zimatsetserekera mbali imodzi pa khona iliyonse, chikwama chofewa sichingathandize pokhapokha woimbayo akhale kutsogolo ndi dalaivala atalifungatira. Ngati zimenezo sizitheka, m'pofunika bokosi. Mabokosi a pulasitiki yolimba ochokera kunja ndi odula kwambiri, koma kalipentala angakukhomereni la pulayiwudi, lokhala ndi zogwirira ziwiri ndi loko, loti tuba izilowamo ili m'chikwama chake chomwe. M'kati musatsale mpata woti izigwedera, ndipo mu belo mulowetsemo mpira wopopa pang'ono wotulukira kunja kwa mphepete, kuti bokosilo likagunda kanthu mphamvu ipite pa mpirawo. Bokosi lomweli lidzakuthandizaninso kusunga lipenga kutchalitchi, kumene makoswe amakonda siponji ndipo mavu amaumba zisa m'mapaipi. Ngati ndalama zilipo za chinthu chimodzi chokha chaka chino, yambani ndi chikwama, chifukwa ndicho chizigwira ntchito sabata iliyonse, ndipo bokosi lidzabwere pambuyo pokolola.

Mukaiyeza, munditumizire miyezo itatu ija pamodzi ndi chithunzi cha mbali ya mavavu ndi dzina lolembedwa pa belo, ndipo ndidzakuuzani kukula kwa chikwama choyenera kuitanitsa. Mukasankha zosoketsa, mundidziwitse tsiku limene mudzabwere ku Dedza, kuti ndidzakubwerekeni changachi mmisiri wanu akaonerepo kasokedwe ka malamba.