Ulendo wokaona minda ya tiyi: mukagone ku Mulanje, ku Thyolo mudzadzere pobwerera

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndaidulako pang'ono:

"Anzanga akuntchito anapita ku Cape Town, ndiye akungotiika zithunzi pa Facebook ali m'minda ya mphesa ku Stellenbosch, ati akulawa vinyo. Ife ndalama zoterozo tilibe, komanso pakhomo pathu sitimwa. Tagwirizana ndi bambo akunyumba kuti tchuthi chikubwerachi titenge ana athu atatu pa Sienta yathu, tikaone minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, masiku anayi. Koma tikagone kuti kuti thumba lisabooke? Ku Bangwe kuli achemwali anga, akuti tizikagona kwawo n'kumayendera komweko. Bambo akunyumba akuti pa Luchenza chifukwa m'pakati. Ine mtima wanga uli m'maesiteti momwemo."

Zikomo mayi chifukwa cha kalatayi. Yankho langa ndi ili: mukagone ku Mulanje, penapake pakati pa Chitakale ndi pa boma, kapena ku Likhubula ngati ana anu ndi okonda kuyenda pansi. Ku Thyolo musakagoneko, mudzangodzerako tsiku lobwerera. Achemwali anu muwasungire usiku womaliza.

Tiyambe ndi ku Bangwe, poti chaulere ndicho chimakopa. Kuchoka ku Limbe kukafika pa Mulanje boma kudzera msewu wa Midima ndi makilomita opitirira 60. Kupita ndi kubwerako ndi 120 ndi kanthu, musanakhotere m'munda ngakhale umodzi. Tingoyerekeza kuti Sienta yanu, itanyamula anthu asanu, ikudya lita imodzi pa makilomita 12: malita 10 apita tsiku lililonse pongoyenda pa phula. Tengani mtengo wa petulo wa lero muchulukitse ndi 10, kenaka muyerekeze ndi chipinda cha pa resitihausi yaukhondo. Muona kuti ulere uja wachepa mphamvu. Ndiye onjezerani zimene tonse timazidziwa koma sitizilemba pa bajeti. Kwa achemwali simungadzuke n'kungoliza galimoto anthu asanamwe tiyi, ndipo madzulo simungalowe chimanjamanja. Lero shuga, mawa nkhuku, mkuja mayunitsi a magetsi. Ana a pakhomopo nawo adzafuna kukwera, malo mulibe. Paja mlendo ndi mame. Usiku umodzi mudzasiya mbiri yabwino, masiku anayi ndi ana atatu mudzayamba kumva mbale zikulira kukhitchini.

Za Luchenza bambo akunyumba sananame, pa mapu ndi pakatidi. Kungoti ndi tauni ya njanji ndi malonda, ili pansi kotentherako, pamene zimene mwadzera zili kumtunda mbali zonse ziwiri. Mukagona pamenepo ndiye kuti m'mawa uliwonse muyambe mwayenda kaye makilomita 20 kapena kuposerapo musanaone chimene mukufuna. Imani pa Luchenza pomwetsa mafuta ndi kugula zoziziritsa kukhosi, basi. Ndipo ikakhala October, nthawi ya mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, zipinda za dera lonselo zimatha msanga.

Mtima wanu, mayi, ndikuumvetsa. Ku Satemwa, esiteti ya tiyi ya ku Thyolo, kuli Huntingdon House, nyumba ya mu 1928 ya banja la Maclean Kay, amene anayambitsa esitetiyo mu 1923. Kapinga wake, maluwa ake, khonde lake, zonse n'zoti munthu ungojambulitsa osatopa. Koma mitengo ya malo oterowo anaiika poganizira alendo obwera ndi madola, osati ife odikira pa 27. Njira yokha imene ndimaiona yogonera mu esiteti osalira ndi yotenga nyumba yonse pagulu. Ku Satemwa komweko kuli Chawani Bungalow, ku esiteti ya Lujeri nakonso kuli nyumba ya alendo pansi penipeni pa phiri la Mulanje. Mabanja awiri kapena atatu mutasonkherana n'kumadziphikira, mtolo umapepuka. Banja limodzi lokha, iyayi. Kukongola kwa esiteti mudzakuona masana, osalipira bedi.

Nanga bwanji Mulanje? Chifukwa kumeneko tiyi amayambira m'mphepete mwa msewu penipeni. Pa Chitakale mutha kutuluka m'chipinda m'mamawa, galimoto ili chiimire, n'kuyenda mphindi zochepa, mwafika kale pamene mizere yobiriwira ikukwera mpaka kukagunda thanthwe la phiri. Tsiku limenelo mafuta simunawononge ngakhale dontho. Komanso misewu yonse imene mukuifuna imakumana pomwepo. Wina ukupita kum'mawa ku Muloza, malire athu ndi Mozambique, makilomita pafupifupi 30, ndipo umadutsa m'kati mwa tiyi pafupifupi njira yonse: pa Mimosa pamene pali likulu la kafukufuku wa tiyi la Tea Research Foundation, pokhotera ku Lujeri, mpaka pa msika wa Limbuli. Wina ukulowera ku Likhubula, makilomita ngati 10, n'kupitirira ku Phalombe. Wachitatu ndi wobwerera ku Luchenza ndi ku Thyolo. Tsiku lililonse mutenga msewu umodzi, madzulo muli pakhomo dzuwa likadalipo.

Ana muwauzenso kuti akuponda pamene nkhani ya tiyi wa malonda inayambira m'Malawi muno. Mbewu zoyamba zinafikira ku Blantyre Mission, ndipo mu 1891 Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje kuchokera ku mitengo ya ku mishoniko. Ku Kenya, kumene lero amatiposa kutalitali, tiyi anafika mu 1903, ife titayamba kale.

Tsopano pa chipinda chenichenicho, apa ndiye pamene anthu ambiri amaluzira ndalama akuganiza kuti apulumutsa. Amafunsa funso limodzi lokha, "pa usiku ndi zingati?", akamva mtengo wotsika n'kutumiza ndalama pa foni. Inu funso loyamba likhale lakuti: kodi mumalola kudziphikira? Anthu asanu kudya m'lesitilanti ya pa loji masana ndi madzulo, masiku atatu, ndalama yake imatha kuposa ya malo ogona. Malo okhala ndi kakhitchini, kapena ongokulolani kuyatsa mbaula kuseri, ngakhale atakwererako mtengo pang'ono, ndi otchipa kuposa chipinda cha mtengo wotsika chimene chikukakamizeni kugula nsima ya pa mbale. Nyamulani ufa, mpunga, mafuta ophikira, poto ziwiri ndi fulasiki kuchokera ku Lilongwe. Ndiwo, makala ndi zipatso mudzagula pa Chitakale. Nanazi za ku Mulanje ana adzadya mpaka lilime kuyabwa, ndipo mukagula m'mbali mwa msewu kwa amayi amene alima okha, mtengo wake mudzaseka mukakumbukira wa ku Area 25.

Funso lachiwiri ndi la galimoto: pali mpanda ndi mlonda usiku? Lachitatu, ndipo ili musachite nalo manyazi: pamalopo pali bala? Maresitihausi ambiri otchipa amapezera phindu pa mowa osati pa zipinda, ndiye Lachisanu ndi Loweruka sipika imalira mpaka tambala woyamba. Ine ndinagonapo pa malo ena otere, chipinda chaukhondo bwinobwino, koma khoma lokha ndilo linkandilekanitsa ndi jukubokosi, ndipo anthu ogogoda zitseko molakwitsa sanathe usiku wonse. Ndi ana simungapirire zimenezo. Kenaka funsani za madzi otentha osamba, za neti pa bedi lililonse, ndi chimene amachita magetsi akazima. Pemphani akutumizireni kanema wa chipinda ndi bafa pa WhatsApp, wojambula tsiku lomwelo, chifukwa zithunzi zimakhala za chaka chimene anatsegulira. Perekani ya usiku umodzi yokha yosungitsira malo, yotsalayo mukamalize maso ataona. Mukanena kuti mugona masiku atatu ndipo mukufuna chipinda chimodzi chachikulu ndi matiresi owonjezera, ambiri amatsitsako. Kunenerera si umphawi.

Pakati pa boma, Chitakale ndi Likhubula kusiyana kwake ndi uku. Pa boma ndi pa Chitakale pali mabanki, malo omwetsera mafuta, msika, ndi chipatala cha boma pafupi, zimene munthu woyenda ndi ana sazinyoza. Vuto n'lakuti m'kati mwa sabata malo abwinoko amadzaza ndi misonkhano ya mabungwe, ndiye imbani foni nthawi ikadalipo. Ku Likhubula n'kwa bata, usiku mumangomva mtsinje. Kuli Likhubula House ya mpingo wa CCAP, imene ili ndi tinyumba ndi zipinda zogona anthu ambiri, ndipo kwa banja losamwa ngati lanu ndi malo oyamba kuwafunsa. Kungoti zogula zikuluzikulu muzichita pa Chitakale musanalowe. Mukasankha July, dziwani kuti mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race umadzaza Likhubula yense.

Kuchokera pa Likhubula pomwepo ndi pamene mumayambira kupita ku Dziwe la Nkhalamba, ulendo wa pansi wa ola limodzi kapena kuposerapo malinga ndi miyendo ya ana. Tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo a pa geti, mugwirizane mtengo musananyamuke. Madzi a padziwepo ndi ozizira ngati a mufiriji ndipo ndi akuya. Anthu anamirapo, choncho ana asewere m'mphepete inu muli pompo. Za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, muiwale kaye, umenewo ndi ulendo wina wa masiku ake. Phirili UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, ndiye alendo sadzachepa, ndipo sindikuona mitengo ya m'tsinde mwake ikutsika.

Simunanene kuti tchuthi chake ndi chiti, koma zikanakhala zanga ndikanasankha cha Pasaka. Mvula imakhala ikutha, tiyi akadali wobiriwira, mathithi ali ndi madzi, ndipo othyola akadali ambiri m'minda. Pa Khirisimasi minda imakongola kuposa nthawi ina iliyonse, koma misewu ya m'maesiteti ndi ya dothi lofiira loterera, ndipo Sienta ndi yapansi. Mitsinje yochokera m'phiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene mulipo sikukugwa mvula. Anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe sanaiwale za namondwe wa Freddy mu March 2023. June ndi July kuli chiperoni: nkhungu ndi kamvula kowaza masiku angapo osalekeza, phiri osaoneka n'komwe. Majuzi musasiye. Nyengo yozizira yomweyo ndi imene amadulira tiyi, choncho minda ina mudzaipeza ili zitsa zokhazokha, musadabwe.

Mukafuna kuona ntchito yeniyeni, dzukani m'mamawa. Othyola amalowa m'mizere atamanga pulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame, dengu lili kumsana, manja onse awiri akuthothola nsonga n'kumaponya kumbuyo osacheuka. Chimene fakitale imafuna ndi masamba awiri ndi kansonga kake. Nthawi yoyeza ikakwana amandandalika pa shedi, dengu pa sikelo, kalaliki akulemba makilo, kapitawo akuvundula masamba kuona ngati mwalowa okhwima, thirakitala ikudikira kuti ithamangitse katunduyo asanatenthe. Malipiro awo amadalira makilo amenewo. Ndiye musawaimike nthawi yaitali chifukwa cha chithunzi, ndipo mupemphe musanajambule munthu. Ena amakana, ndi ufulu wawo. Maesiteti ndi malo a eni ake: pa geti imani, perekani moni kwa alonda, nenani kumene mukupita. Mukamayenda mudzaonanso timinda ta chimanga topanikizana m'malire mwa tiyi wosaoneka mathero. Nkhani ya kuchepa kwa malo ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi yakale ndipo ndi yowawa, ndipo mwana wanu wamkulu akafunsa, muyankheni zoona. Si tiyi yense amene ali wa makampani: kuli alimi ang'onoang'ono ambiri, monga a Sukambizi amene amagulitsa masamba awo ku Lujeri.

Masiku anu anayi ndiye ayende chonchi. Loyamba ndi la msewu: kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, ndiye pa Limbe tengani wa Midima, wachidule ndi wosakhotakhota, mukafike kusanade. Lachiwiri msewu wa Muloza. Lachitatu Likhubula. Lachinayi longedzani m'mamawa, mudzere pa Luchenza n'kukwera ku Thyolo. Mwa njira imeneyi Thyolo simumulipirira mafuta ambiri apadera, ali panjira yobwerera ku Limbe.

Ku Satemwa muimbiretu foni masiku angapo kuti akusungireni nthawi yolawa tiyi ku fakitale. Amandandalika timakapu toyera pa tebulo lalitali, wakuda, wobiriwira, woyera, oolong, aliyense mtundu wake, wopanda shuga kapena mkaka. Mumatunga ndi supuni n'kufyonthola mwaphokoso, zimene kunyumba mumawaletsa ana, ndiye konzekerani kuti adzapitiriza m'galimoto. Ndalama imene mwapulumutsa posagona m'esiteti, gulireniko mapaketi angapo pamenepo, ena a anzanu a ku Stellenbosch aja.

Msewu wa Thyolo kupita ku Limbe ndi wokhotakhota, uli ndi malole, njinga za kabaza ndi anthu oyenda pansi, ndipo nkhungu ikatsika simuona patali, choncho muudutse kukuwala. Pa Bvumbwe imani mugule kabichi, karoti, tomato ndi mbatata, zina za kunyumba, zina za achemwali ku Bangwe kumene mukagone usiku umenewo. Mafuta muthire mukangowaona, thanki isatsike kupitirira theka, makamaka musanalowe msewu wa Muloza.