Anthu oweruka a Edvard Munch: kodi chithunzichi anachisiyira panjira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga tsamba lino. Iwo amagwira ntchito ya mashifiti pa fakitale, ndipo anaona pa intaneti chithunzi cha Edvard Munch cha anthu akuweruka ku ntchito. Funso lawo linali lakuti: "Miyendo ya anthuwa ndi mizeremizere, nkhope zili ngati za odwala. Kodi mkuluyu sanamalize kujambula, kapena ankanyoza anthu ogwira ntchito zamanja?"

Bambo, zikomo kwambiri. Chithunzicho anachimaliza, ndipo mulibe chipongwe m'menemo.

Munch anali wa ku Norway, anabadwa mu 1863. Ambiri amamudziwa ndi chithunzi cha munthu wogwira m'masaya, kukamwa kuli yasa, cha mu 1893. Chimene mwaonacho ndi cha pambuyo pake, cha m'ma 1913 mpaka 1914. Nthawi imeneyo ankachita lendi nyumba pa chilumba cha Jeløya, pafupi ndi tauni ya Moss, komwe kunali mafakitale a mapepala ndi a magalasi. Madzulo khamu la amuna linkadzaza msewu kupita kwawo, iye n'kumawayang'ana. Chinsalu chimene anajambulapo n'chachikulu, pafupifupi mamita awiri mbali zonse, moti amuna a kutsogolowo ndi aakulu ngati inu ndi ine.

Tsono nkhani ya miyendo. Inu mumadziwa kuposa ine mmene pa geti pamakhalira belu likalira. Kodi mumaona mwendo wa munthu mmodzi bwinobwino, bondo apa, chidendene apo? Ayi. Mumaona piringupiringu, miyendo ikupitana, nsapato zikukhwekhwereza. Munch anajambula zimenezo. Mwendo anaulemba kawiri katatu, mpaka msewu kumaonekera mkati mwa thalauza, kuti diso lanu lisapeze poima. Ankakondanso kamera, ndipo pa zithunzi zina zimene ankatola, munthu akasuntha ankatuluka mbuu ngati utsi. Msewu nawo anaukoka kuti ufupike msanga kumbuyoko, choncho khamu lonse likukhuthukira kwa inu. Ine nditachiona koyamba, ngakhale panali pa kompyuta chabe, ndinamva ngati ndipatuke ndiwapatse njira.

Kajambulidwe kotere ndi kamene amakatcha Expressionism. Wojambula sasamala zoti chinthu chifanane ndendende ndi mmene chilili, koma kuti woonayo amve zimene zili mkati mwa munthu. Nkhope zija si za odwala. Ndi za munthu amene waima pa makina kuyambira m'bandakucha, maso alowa mkati, sakufuna kuyankhula ndi aliyense. Akanawajambula osalala, akumwetulira, pamenepo ndiye ndikanati wawanyoza, chifukwa akanabisa thukuta lawo. Onaninso mapewa ndi manja. Anthuwa atopa, inde, koma sakupempha chisoni kwa wina aliyense.

Pali chinthu chimodzi chimene ndingakuvomerezeni. Munch sanali mmodzi wa iwo. Anakulira ku Kristiania, komwe lero ndi Oslo, ndipo zaka zina banja lawo linkakhala ku Grünerløkka, dera la anthu a m'mafakitale, koma bambo ake anali dokotala. Ankaonera ali pambali pa msewu, n'chifukwa chake anthu a kumbuyo m'chithunzimo ndi zipewa chabe, opanda nkhope zoti n'kuwazindikira. Mukafuna amene anayandikira kwambiri, funafunani wojambula wina, Conrad Felixmüller wa ku Dresden ku Germany, mwana wa wosula zitsulo pa fakitale. Mu 1920 anapata mphoto yoti akaphunzire ku Rome, iye n'kutenga ndalamazo kupita ku migodi ya malasha ya ku Ruhr kukajambula okumba malasha. Wojambula wamkazi Käthe Kollwitz nayenso ankakhala pakati pa amphawi a mu Berlin, kumene mwamuna wake ankawachiza.

Mawu oti "sanamalize" kapena "sadziwa kujambula" ojambulawa anawamva kambirimbiri ali moyo. Mu 1937 boma la Hitler linanena kuti luso lotere ndi lovunda, ndipo linachotsa zithunzi za Munch zoposa 80 m'nyumba zoonetseramo zaluso za ku Germany. Sindikukufanizirani ndi iwowo, bambo. Inu mwafunsa kuti mumvetse, iwo ankafuna kutseka anthu maso.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti Munch ankalakalaka anthu ogwira ntchito ajambulidwe pa makoma a holo ya mzinda wa Oslo, malo olowamo akuluakulu. Anakonzekera kwa zaka zambiri, koma ntchitoyo sanapatsidwe. Atamwalira mu 1944, zithunzi zonse zimene anali nazo anazisiyira mzindawo, ndipo amuna oweruka aja lero ali mu Munch Museum. Mukachitsegulanso, chikulitseni, muyambire kuyang'ana pansi pa miyendo, kenako mukweze maso pang'onopang'ono mpaka mukumane ndi bambo wa kutsogoloyo.